Kodi PSA N'chiyani? Nkhani ya Abambo Achikulire

Tsiku lina titaweruka m'kalasi, mkulu wina adatsalira. Anzake onse atapita, adapisa dzanja m'thumba la jekete natulutsa kapepala kopindapinda. Mkuluyu ndi mlimi wa fodya wa bale, ndipo zaka zake zapitirira 60. Adayamba nafe sukulu ya kwacha chaka chatha. Tsopano amawerenga bwino ndithu.

"Aphunzitsi," adatero motsitsa mau, "zilembozi ndaziwerenga ndekha. P, S, A. Nambala nayonso ndaiwerenga, ndi 7. Koma tanthauzo lake ndiye ayi. Kodi ndiye kuti ndili ndi khansa? Lero ndi tsiku lachitatu osagona ine."

Ndidawafunsa ngati adafunsa a dokotala. Iwo adati adachita manyazi, popeza pambuyo pao padali mzere wautali wa odwala, ndipo nkhani ya mkodzo si yokambira pagulu.

Ndidawauza kuti, "Bambo, ine sindine dokotala. Koma safunsa adadya phula. Tiyeni tifufuze pamodzi, kenaka mubwerere kuchipatala mukafunse bwinobwino."

Zimene tidapeza ndi zimene ndalemba muno. Abambo, werengani mofatsa. Amayi, inunso werengani, chifukwa nthawi zambiri ndinu amene mumayamba kuona kuti bambo akudzuka kawirikawiri usiku.

Kachiwalo kotchedwa prostate

Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo kena m'munsi mwa chikhodzodzo. Akazi alibe kachiwaloka. Kuchipatala amakalemba kuti prostate. Potchula amati pulositeti. Mwa mnyamata, kukula kwake kuli ngati suku limodzi la masuku.

Njira ya mkodzo imadutsa pakati penipeni pa prostate. Ntchito ya prostate ndi kupanga timadzi tina ta umuna.

Mwamuna akamakula, prostate nayonso imakula. Ikakula imafinya njira ya mkodzo, monga momwe munthu angapondere paipi yothirira nazale. Madzi amangotuluka pang'onopang'ono. Ndi chifukwa chake abambo ambiri achikulire amachedwa pokodza, ndipo amadzuka kangapo usiku. Kukula kotereku si khansa ayi. Ndi vuto la ukalamba, ndipo mankhwala ake alipo.

Koma nthawi zina m'kachiwaloka mumayamba khansa. Khansa ndi nthenda imene timagawo tating'onoting'ono ta thupi timachulukana mosalekeza, mpaka kuononga ziwalo zina. Khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zimene zimapezeka kwambiri mwa amuna m'Malawi muno. Pa dziko lonse lapansi, m'chaka cha 2022 chokha, amuna pafupifupi 1.5 miliyoni adapezeka nayo, ndipo pafupifupi 400,000 adamwalira nayo.

Nanga PSA n'chiyani?

PSA ndi chidule cha mau atatu a Chingerezi akuti prostate specific antigen. Potchula timati pi-esi-e. Ndi mtundu wina wa puloteni, ndipo imapangidwa ndi prostate. Ntchito yake ndi kusungunula umuna kuti mbeu za mwamuna ziziyenda momasuka.

Tsono imvani ichi: PSA si nthenda. Mwamuna aliyense wabwinobwino ali nayo. Yambiri imapita mu umuna, koma yochepa kwambiri imalowa m'magazi. Prostate ikatupa, ikakula, ikavulala kapena ikagwidwa khansa, PSA yolowa m'magazi imachuluka. Motero poyeza magazi, a dokotala amatha kudziwa ngati m'kachiwaloka muli chovuta.

Akatswiri a pa chipatala cha Roswell Park, mu mzinda wa Buffalo ku Amereka, adakwanitsa kupatula PSA payokha m'chaka cha 1979. Mtsogoleri wao adali T. Ming Chu. M'chaka cha 1986 boma la Amereka lidaloleza kuti PSA iziyezedwa mwa anthu amene adapezeka kale ndi khansa, pofuna kuona ngati mankhwala akugwira ntchito. M'chaka cha 1994 lidalolezanso kuti izithandiza pofufuza khansa mwa amuna a zaka 50 kapena kuposa, pamodzi ndi kuyeza kwa chala kumene tikambe m'tsogolomu.

Kuyezako sikovuta. Namwino amatenga magazi pang'ono pa mkono ndi jakisoni, nawatumiza ku labotale. Simuyenera kusala kudya. Zotsatira zimabwera ngati nambala.

Kodi nambalayo itanthauzanji?

Pambali pa nambala mudzaona zilembo izi: ng/ml. Umenewu ndi muyeso wake, monga momwe fodya timamuyezera pa makilogalamu. Ndi muyeso wa zinthu zochepetsetsa zosaoneka ndi maso.

Madokotala ambiri amaika malire pa nambala 4. PSA ikakhala pansi pa 4, kawirikawiri amati zili bwino. Ikapitirira 4, amafuna kufufuza zambiri. Komanso amaganizira zaka za munthu, pakuti PSA imakwera pang'onopang'ono munthu akamakalamba. Nambala imene ingadetse nkhawa mwa bambo wa zaka 45 mwina singadetse nkhawa mwa gogo wa zaka 75.

Makolo athu adati utsi sufuka popanda moto. Zoona. Koma taganizani kuti muli kumunda ndipo mwaona utsi ukufuka kuseri kwa mudzi. Kodi mungadziwe pomwepo kuti chikupsa n'chiyani? Mwina ndi ana akuotcha tchire posaka mbewa. Mwina ndi mayi akutentha zinyalala. Mwinanso ndi chigafa chanu chodzaza ndi fodya. Munthu wanzeru sayamba kulira maliro a fodya wake ali kumunda. Komanso sapitiriza kulima ngati sadaone kanthu. Amapita kukaona.

PSA yokwera ili ngati utsi umenewo. Imatiuza kuti ku prostate kuli kanthu, koma sitiuza kuti kanthuko n'chiyani.

Taonani manambala awa. Mwa amuna 4 amene PSA yao ili pakati pa 4 ndi 10, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapezeka ndi khansa. Atatu enawo alibe. PSA ikapitirira 10, oposa theka amapezeka nayo. Ikafika m'mahandiredi, kawirikawiri ndiye kuti khansa ilipo ndipo yafalikira kwina, makamaka m'mafupa.

Palinso mbali ina. Moto wina umanyeka popanda utsi wambiri. Amuna ena amakhala ndi khansa pamene PSA yao ili pansi pa 4. Choncho nambala yotsika isakupangitseni kunyalanyaza zizindikiro zimene mukuziona m'thupi mwanu.

Zinthu zina zimene zimakweza PSA

Choyamba ndi kukula kwa prostate chifukwa cha ukalamba. Ichi ndicho chofala kwambiri.

Chachiwiri ndi tizilombo tolowa m'njira ya mkodzo kapena mu prostate momwemo. Munthu amamva kuotcha pokodza, nthawi zina amatentha thupi. Zikatero a dokotala amayamba apereka mankhwala. Kenaka amadikira milungu ngati 6 asanayeze PSA.

Chachitatu ndi kukhala malo amodzi ndi mayi kunyumba. Ndi bwino kudziletsa masiku awiri musanapite kukayezetsa.

Chachinayi ndi kupalasa njinga mtunda wautali, kapena kulimbitsa thupi mwamphamvu. Ichi chikutikhudza ife kuno ku Kasungu, kumene abambo ambiri amapita kuchipatala pa njinga. Ngati mwapalasa kuchokera ku Chamama, ku Chulu kapena ku Santhe, auzeni a dokotala asanakutengeni magazi. Ngati n'kotheka, tsiku limenelo kwerani galimoto.

Chachisanu ndi kapaipi ka mkodzo kamene amaika kuchipatala munthu akalephera kukodza.

Palinso mankhwala amene amatsitsa PSA. Amodzi mwa iwo ndi finasteride, amene amaperekedwa kwa abambo a prostate yokula. Munthu akawamwa miyezi yambiri, nambala imatsika ndi theka. Choncho nenani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba.

Chifukwa cha zonsezi, a dokotala saweruza ndi kuyeza kumodzi kokha. Nambala ikakwera pang'ono, amakuuzani kuti mubwerenso pakapita milungu ingapo kuti ayezenso.

Ndani ayenera kuganizira zoyezetsa?

Khansa ya prostate imakonda amuna a zaka 50 kupita m'tsogolo. Mwa anyamata sipezekapezeka.

Imayendanso m'magazi a pabanja. Ngati bambo anu okubalani kapena mbale wanu wa bere limodzi adadwala nthendayi, inu muli pa chiopsezo chachikulu, pafupifupi kawiri kuposa anzanu.

Ndiponso imagwira kwambiri anthu akuda. Ku Britain adawerengera kuti mwa amuna onse, mmodzi mwa 8 amadwala khansayi pa moyo wake, koma mwa amuna akuda ndi mmodzi mwa 4. Ndi chifukwa chake mabungwe ena a zaumoyo amalangiza kuti mwamuna wakuda, kapena amene kubanja kwao kudapezeka nthendayi, ayambe kukambirana ndi dokotala ali ndi zaka 45.

Choopsa chake ndi ichi: khansayi ikamayamba sipweteka. Munthu amalima, amasoka fodya, amanyamula mabelo, osamva kalikonse. Ululu umadza nthenda itakula kale. Apa ndi pamene PSA imathandiza, pakuti imatha kuchenjeza munthu asanayambe kumva kupweteka.

Koma tinenenso zoona zake zonse. Khansa zina za prostate zimakula pang'onopang'ono kwambiri, moti munthu amakalamba mpaka kumwalira ndi nthenda ina, khansayo osamuvutitsa. Pamene chithandizo chake, monga opaleshoni, nthawi zina chimasiya mavuto: mkodzo kumangodontha, kapena mphamvu za m'nyumba kuchepa. Motero kuyezetsa pamene mulibe chizindikiro chilichonse ndi nkhani yoti mukambirane ndi a dokotala, mumve ubwino wake ndi kuipa kwake, kenaka musankhe nokha. Kwa agogo opitirira zaka 70 amene sakumva vuto lililonse, madokotala ambiri salimbikitsa kuyezetsaku.

Koma ngati muli ndi zizindikiro, musadikire.

Zizindikiro zoti mupite nazo kuchipatala

Kudzuka kawirikawiri usiku kukakodza.

Kuchedwa kuyamba kukodza, kapena mkodzo kutuluka mofooka ndi modukizadukiza.

Kumva ngati mkodzo watsalira mukatha kukodza.

Magazi mu mkodzo kapena mu umuna.

Kupweteka kwa msana, chiuno kapena mafupa kosatha, makamaka usiku.

Kuonda ndi kufooka popanda chifukwa chodziwika.

Zambiri mwa zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena. Magazi mu mkodzo akhoza kukhala likodzo. Kukodza pafupipafupi kukhoza kukhala nthenda ya shuga. Woti asiyanitse ndi dokotala, osati mnzanu wa pa bawo.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuthamanga nazo tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Choyamba, mkodzo ukatsekeka osatuluka n'komwe. Chachiwiri, msana ukamapweteka ndipo miyendo yayamba kufooka kapena kuchita dzanzi.

Kumudzi ena akaona bambo akuonda ndi kudandaula msana amati ndi kanyera. Ena amati adalodzedwa chifukwa cha ndalama za fodya. Enanso amaloza chala mayi wa kunyumba. Anzanga, khansa ya prostate si chinzonono, ndipo sipatsirana. Mwamuna saitenga kwa mkazi, ndipo sangaipereke kwa mkazi wake. Miyezi imene timataya pofunafuna wotilodza ndi miyezi imene nthenda imakulira.

Kuchipatala kumachitika zotani?

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena pa chipatala cha boma cha Kasungu. Si chipatala chilichonse chili ndi makina oyezera PSA. Kuyezaku kumapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malabotale olipira a m'mizinda. A zaumoyo adzakuuzani koyenera kupita. Odwala a m'chigawo chapakati amene akufunika akatswiri amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumenenso kuli chipatala cha khansa cha National Cancer Centre.

Kupatula magazi, pali kuyeza kwa chala. A dokotala amavala magolovesi, nalowetsa chala chimodzi kotulukira chimbudzi kuti akhudze prostate. Amafuna kumva ngati yakula, ngati yalimba, kapena ngati ili ndi timibulu. Sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe. Abambo ambiri amathawa pamenepa. Koma paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. A dokotala amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo chinsinsi chanu amachisunga.

Ngati PSA ndi chala zikukayikitsa, amatapa tinyama tating'ono ta prostate ndi singano, nakatiunika ku labotale. Kuunika tinyamati ndiko kokha kumene kumatsimikiza kuti munthu ali ndi khansa kapena ayi. Kumasonyezanso ngati khansayo ndi yaukali kapena yofatsa.

Ulendo wa ku Lilongwe umafuna ndalama zoyendera ndi chakudya. Tonse tidziwa kuti ndalama kuno zimaoneka msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Pogawa ndalama za feteleza, malata ndi fizi ya ana, patulaniko pang'ono za ulendo wa kuchipatala. Koma ngati zizindikiro zayamba mwezi wa Januwale, musadikire msika. Kambiranani pabanja, achibale athandizepo.

PSA pambuyo pa chithandizo

Ntchito yaikulu ya PSA imaoneka munthu akapezeka kale ndi khansa. Apa imakhala ngati sikelo yosonyeza ngati chithandizo chikuyenda bwino.

Khansa ikakhala yaing'ono ndi yofatsa, nthawi zina a dokotala sachita opaleshoni. Amangoyang'anira, namayeza PSA pakapita miyezi ingapo. Ikayamba kukwera msanga, ndi pamene amayamba chithandizo.

Prostate yonse ikachotsedwa pa opaleshoni, PSA iyenera kutsika mpaka kusowa m'magazi pakatha milungu 6 mpaka 8, popeza choipanga chachoka. Ikayambanso kuoneka ndi kukwera, ndiye kuti khansa ina idatsalira.

Ena amathandizidwa ndi makina ootcha khansa ndi cheza champhamvu. Kwa amenewa PSA imatsika pang'onopang'ono, mwina chaka kapena kuposa. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna chithandizochi ankatumizidwa kunja kwa dziko. M'chaka cha 2024 makina otere adayamba kugwira ntchito ku International Blantyre Cancer Centre.

Nanga khansa ikafalikira m'mafupa? Chithandizo chilipobe. M'chaka cha 1941 dokotala wa ku Chicago, Charles Huggins, adapeza kuti khansayi imakula ndi mphamvu yachimuna yotchedwa testosterone, imene imapangidwa m'machende. Mphamvuyi ikachepetsedwa, khansa imafota. Lero amachita zimenezi ndi jakisoni wobaya mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse, kapena ndi opaleshoni yaing'ono ya machende. Chithandizochi sichichotseratu khansa, koma chimachepetsa ululu ndi kutalikitsa moyo. Chikamagwira ntchito, PSA imatsika kwambiri. Ikayambanso kukwera, a dokotala amadziwa kuti nthawi yosintha mankhwala yakwana.

Kupezeka ndi khansa ya prostate si ndiye kuti imfa yafika. Desmond Tutu wa ku South Africa adapezeka nayo m'chaka cha 1997, ndipo adakhala ndi moyo mpaka 2021, ali ndi zaka 90. Nelson Mandela adalandira chithandizo cha khansayi m'chaka cha 2001, ndipo adamwalira mu 2013 ali ndi zaka 95. Onse awiri sadabise matenda ao.

Sungani manambala anu

Nambala imodzi yokha sinena zambiri. Chofunika ndi kuona mmene manambala akuyendera: kodi akukwera, akutsika, kapena aima pamodzimodzi? Choncho musataye buku lanu la kuchipatala. Onetsetsani kuti tsiku loyezetsa ndi nambala yake zalembedwamo. Inunso lembani m'kope lanu kunyumba, monga momwe mumalembera makilogalamu a belo lililonse. Tsiku lobwerera kuchipatala lilembeni pa khalendala.

Ndipo musatuluke m'chipinda cha a dokotala musanafunse mafunso atatu awa. Nambala yanga ndi chiyani? Itanthauzanji pa zaka zangazi? Ndibwerenso liti?

Mkulu uja adabwereradi kuchipatala, ulendo uno pamodzi ndi akazi ake. Atayezedwanso, nambala idali 6. Adatumizidwa ku Lilongwe, ndipo kumeneko adatapidwa tinyama. Khansa sidapezeke. Idali prostate yokula chabe. Tsopano akumwa mankhwala, ndipo adauzidwa kuti azipitabe kukayezetsa, pakuti nkhaniyi ndi yofunika kuiyang'anira. Manambala ake akulemba okha kumapeto kwa kope la masamu. Sabata yatha adandiuza kuti akunyengerera akulu ao, amene akhala akudandaula msana chiyambire dzinja. Akuluwo sadavomerebe.

Kodi kwanuko kulibe bambo wotere?

Mafunso okambirana

1. Kodi prostate ili pati m'thupi, ndipo ntchito yake n'chiyani?

2. Kodi PSA ikakwera ndiye kuti munthu ali ndi khansa? Fotokozani.

3. Tchulani zinthu zitatu zimene zingakweze PSA popanda khansa.

4. Ndi zizindikiro ziwiri ziti zofunika kuthamanga nazo kuchipatala tsiku lomwelo?

5. N'chifukwa chiyani abambo ambiri amachita manyazi ndi nkhani ya mkodzo? Nanga amayi ndi ana angawathandize bwanji?

6. Lembani m'kope lanu mafunso atatu amene mudzafunse a dokotala.